Aphungu Oyamba Akuda mu Lusaka

M'mamawa uliwonse antchito ochokera ku Matero ndi ku George amakhamukira ku mafakitale a ku Heavy Industrial Area, ena kudzera msewu wa Lumumba, ena wa Mungwi. Chisankho chikafika, amakaima pamzere n'kuponya voti. Agogo awo amene ankasenza katundu mu Lusaka m'zaka za m'ma 1940 analibe mwayi umenewu. Voti inali ya nzika za Britain zokhala ndi chuma, ndipo munthu wakuda wa ku Northern Rhodesia (dzina lakale la Zambia) ankangowerengedwa ngati wotetezedwa ndi Britain, osati nzika.

Mu 1948 akuda awiri analowa m'nyumba ya malamulo koyamba: Mbusa Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango. Anthu wamba sanawavotere. Anasankhidwa ndi bungwe la African Representative Council, bwanamkubwa n'kuvomereza.

Mu 1951 mipando iwiriyo inapita kwa Dauti Yamba ndi Paskale Sokota. Yamba, mphunzitsi wa ku Luanshya, ndiye anatsogolera ntchito yogwirizanitsa mabungwe a anthu akuda mu 1946, mgwirizano umene unabala chipani cha Congress. Iye ndi Sokota anakana kwamtuwagalu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Azungu anali ochuluka m'nyumbamo, choncho chitaganyacho chinakhazikitsidwabe mu 1953. Komabe kukana kwa awiriwa kunalembedwa m'mabuku a boma, ndipo mzungu wonena kuti akuda avomera ankatsutsidwa maso ndi maso.

Chisankho cha mu 1959 chinagawanitsa anthu. Harry Nkumbula, mtsogoleri wa chipani cha Congress, anapikisana nawo n'kupambana, pomwe chipani cha ZANC cha Kenneth Kaunda chinanyanyala, boma n'kuchiletsa. Patangopita zaka zitatu, mu 1962, awiriwa anagwirizana n'kupanga boma loyamba lotsogozedwa ndi akuda. Mu 1964, chaka cha ufulu, Safeli Chileshe anakhala meya woyamba wakuda wa Lusaka.

Dzina la Nkumbula lili pabwalo la ndege ku Livingstone, la Kaunda pabwalo la ndege la Lusaka. Kasokolo, Nalumango, Yamba ndi Sokota ayenera kutchulidwa nawo pamodzi ana akamaphunzira mbiri ya Zambia.