Bakapu ndi Abale Ake

M'chaka cha 1998, anthu amene ankapanga filimu ya Toy Story 2 ku kampani ya Pixar, ku California, anaona zamalodza. Zinthu za m'filimuyo zinayamba kuzimiririka pa kompyuta iwo akuyang'ana. Wina anali atalemba lamulo lofufuta mafayilo pamalo olakwika, ndipo pamene ankazimitsa makinawo, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a ntchitoyo anali atapita. Poyamba mitima inali m'malo, popeza anali ndi bakapu pa matepi. Poyesa kubwezeretsa m'pamene anatulukira kuti bakapuyo inali yoperewera. Anawapulumutsa ndi Galyn Susman, mmodzi wa akatswiri awo, yemwe anali ndi mwana wakhanda ndipo ankagwirira ntchito kunyumba. Kompyuta yake inali ndi kope la filimuyo. Anaikulunga m'mabulangeti, kuikweza m'galimoto, ulendo wa ku ofesi pang'onopang'ono ngati anyamula mazira.

Anthu a ku Pixar sanali mbuli za makompyuta. Chinawagwetsa ndi chimene chimagwetsanso mphunzitsi, wophunzira wa ku koleji ndi wojambula zithunzi za maukwati: kukhulupirira dzina lakuti bakapu osafunsa chimene lili kutanthauza. M'ntchito imeneyi muli mawu angapo ofanana nkhope koma osiyana mtima, ndipo mafayilo ambiri amatayika chifukwa chowasokoneza.

Bakapu ndi kope lachiwiri la mafayilo, losungidwa kwina, loti lingabwezeretsedwe kope loyamba likatayika. Liwu lofunika apo ndi lachiwiri. Munthu amene wachotsa zithunzi mu laputopu n'kuziika pa hadi disiki ya m'chikwama kuti apeze malo sanapange bakapu ayi, wangosamutsa katundu. Kope likadali limodzi, ndipo disiki ija ikagwa pa simenti nkhani yathera pomwepo. Fulashi nayo ndi chotengera, si nkhokwe. Imasowa m'minibasi, imachapidwa pamodzi ndi buluku, ndipo ikangolowa m'kompyuta za m'malo osindikizira mapepala imabwerako ndi vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut.

Liwu limene lapusitsa anthu ambiri masiku ano ndi sync. Google Drive, OneDrive ndi Dropbox zimagwira ntchito ngati kalilole: chimene chili m'foda ya pa kompyuta chimaonekanso pa intaneti, ndipo chikasintha kuno chimasinthanso uko. N'zabwino kwambiri laputopu ikabedwa. Koma kalilole sasankha. Fayilo ikafufutidwa mwangozi, imafufutikanso uko. Ikawonongeka, kope lowonongekalo ndi limene limakwera. Pa fayilo yofufutidwa, chimene chimatsala ndi bini ya zinyalala, imene pa Google Drive imasunga zofufutidwa kwa masiku 30 okha. Munthu wozindikira patapita miyezi iwiri kuti foda ya malisiti a msonkho kulibe amapeza bini itasesedwa kale.

Mankhwala a vuto limeneli ndi versioning, kutanthauza kusunga fayilo imodzimodziyo monga mmene inalili pa nthawi zosiyanasiyana. Wophunzira amene wawononga mutu wachitatu wa kafukufuku wake Lachinayi safuna kope la Lachinayi. Akufuna la Lolemba, zinthu zisanasokonekere. Time Machine, imene Apple inatulutsa mu 2007, imasunga makope a ola lililonse kwa maola 24, a tsiku lililonse kwa mwezi umodzi, kenako a sabata iliyonse mpaka disiki itadzaza. Pa Windows pali File History, imene inabwera mu 2012. Zonse ziwiri n'zaulere, zili kale m'kompyutamo, kungoti zimadikira mwiniwake kuti aziyatse.

Nanga kompyuta imatha bwanji kusunga makope ambirimbiri chonchi osadzaza disiki tsiku limodzi? Wogulitsa pa okala amadziwa kale yankho lake. Pakutha pa mwezi amawerenga katundu yense, sopo ndi shuga yemwe, ndipo imeneyo ndiye full backup. Masiku enawo amangolemba zimene zalowa ndi zimene zatuluka kuyambira dzulo, ndiye incremental. Pali njira yachitatu, differential, yolemba zonse zimene zasintha kuchokera pa kuwerenga kwakukulu kuja. Incremental ndi yachangu ndipo sidya bandulo yambiri, koma ili ngati unyolo: tsamba limodzi la pakati likang'ambika, masamu a masiku otsatira sagwirizananso.

Lamulo lotchuka kwambiri pa ntchitoyi silinafalitsidwe ndi injiniya. Analifalitsa ndi Peter Krogh, wojambula zithunzi wa ku America, ndipo limangotchedwa 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi mwa makopewo likhale kutali. Alimi akale analibe manambala amenewa, koma nzeruyo anali nayo. Chimanga chodya chinkakhala m'nkhokwe, chambewu chinkapachikidwa pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe, ndipo munthu wochenjera ankasiyako china kwa m'bale wake kumudzi wina.

Gawo lomalizali, limene akatswiri amati offsite, ndi limene anthu amalizemba. Laputopu ndi hadi disiki zikagona m'chikwama chimodzi, wakuba amatenga zonse. Zikakhala m'nyumba imodzi, madzi ndi matope ngati a Namondwe Freddy, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe mu March 2023, sasiyako chilichonse. Ndiye ena amati cloud ndiyo yankho, ngati kuti mafayilo ali m'mitambo yeniyeni. Cloud ndi kompyuta ya munthu wina, ili m'nyumba ya makoma ndi denga, ndipo nyumbayo imapsa. Mu March 2021 moto unanyeketsa nyumba ina yosungiramo makompyuta ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, ku France, ndipo makasitomala ena amene bakapu yawo inali pamalo omwewo anataya zonse. Kuwonjezera apo, malo aulere ndi ochepa. Google imapereka 15 GB zimene zimagawidwa pakati pa Drive, Gmail ndi Google Photos. OneDrive ndi iCloud zimapereka 5 GB. Kwa munthu wogula bandulo ya sabata, nzeru ndi kukweza zimene sizingapezekenso, monga zikalata, zithunzi za banja ndi mabuku a bizinesi. Nyimbo ndi mafilimu zingapezedwenso kwina.

Ransomware inasintha kaganizidwe konse. Iyi ndi pulogalamu yachiwembu imene imatseka mafayilo ndi kiyi wachinsinsi, eni ake n'kumafuna dipo. WannaCry, mu May 2017, inafika m'maiko oposa 150 ndipo zipatala zina za boma ku Britain zinabweza odwala. Amalawi analawako mu February 2024, pamene ntchito yosindikiza mapasipoti inaima ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowa m'makina a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Pulogalamu yotereyi imatseka chilichonse chimene kompyuta ikuchiona, kuphatikizapo hadi disiki yolumikizidwa usana ndi usiku. Apa m'pamene pamabwera liwu lomveka lapamwamba lakuti air gap. Tanthauzo lake n'losavuta mochititsa manyazi: bakapu ikatha, chingwe chizulidwe, disiki ilowe m'dirowa. Kuzulako kumaitetezanso magetsi akabwerera ndi mphamvu atazima.

Koma kope lililonse loonjezera ndi khomo linanso la wakuba. Disiki yokhala ndi zithunzi za ziphaso, mapepala a ku banki ndi a kuchipatala ikagwa m'manja mwa mlendo, amawerenga zonse osafunsidwa pasiwedi. Encryption ndi kusokoneza zolembedwazo kuti wopanda kiyi aone zopanda mutu. BitLocker imachita zimenezi pa Windows, FileVault pa Mac, ndipo VeraCrypt ndi yaulere. Msampha wake ndi kiyi yemweyo. BitLocker imapereka kiyi wopulumukira wa manambala 48, ndipo womutaya alibe kodandaula: ngakhale mmisiri wodziwa bwanji sangatsegule disikiyo. Kusunga kiyiyo m'kompyuta imene ikutetezedwayo n'chimodzimodzi kukhoma nyumba makiyi ali patebulo m'katimo. Malo ake ndi papepala, pamodzi ndi zikalata za malo.

Latsala liwu limodzi, restore, kubwezeretsa, ndipo ndi limene limaweruza ena onsewa. Pa 31 January 2017, injiniya wa kampani ya GitLab anafufuta mwangozi pafupifupi 300 GB za deta ya makasitomala. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope, koma pa ola la tsokalo panalibe imene inagwira ntchito mmene ankayembekezera. Anapulumukira pa kope limene linatengedwa maola 6 m'mbuyomo pa zifukwa zina, ndipo ntchito ya maola amenewo inapitiratu. Mapulogalamu ena a bakapu anali akulephera mwakachetechete popanda wodziwa, chifukwa palibe amene ankayesa kubwezeretsa.

Ndiye inu amene muli ndi hadi disiki m'dirowa, itulutseni sabata ino. Ilumikizeni ku kompyuta ya mnzanu, sankhani fayilo imodzi ya chaka chatha, muitsegule muone ngati ikuwerengeka.