Mabuku a Mbiri za Mashehe ndi Khomo Lopapatiza la Chingerezi

Munthu akabwera ndi hadith n'kunena kuti ndi mawu a Mtumiki Muhammad, akatswiri akale a Chisilamu sankangovomera. Ankafunsa kuti anaimva kwa yani, ndipo amene anamuuzayo anali wokhulupirika kapena woiwalaiwala. Ankaonanso ngati awiriwo anakhalapo nthawi imodzi, chifukwa mphunzitsi amene anamwalira wophunzira asanabadwe sakanamuuza kanthu. Mafunso amenewa ndiwo anabala mabuku akuluakulu a Chiarabu ofotokoza miyoyo ya anthu, mmodzimmodzi.

Ibn Sa'd, amene anamwalira mu 845, anasanja anthu potsata mibadwo, kuyambira pa Mtumiki ndi maswahaba, anzake amene anakhala naye. Al-Khatib al-Baghdadi analemba za anthu oposa 7,000 amene anakhala kapena kudutsa mumzinda wa Baghdad. Buku la Ibn Asakir lonena za Damascus linasindikizidwa m'mavoliyumu 80.

Koma buku limene linayamba kulowa lonse m'Chingerezi ndi la woweruza milandu Ibn Khallikan, wobadwira ku Irbil mu 1211. Anayamba kulilemba ku Cairo mu 1256, n'kuliika pambali atasankhidwa kukhala woweruza wamkulu ku Damascus, ndipo analimaliza mu 1274. Iye anasanja mayina motsata alifabeti, maswahaba ambiri n'kuwasiya poti ena anali atalemba kale za iwo. Analowetsamo mashehe, nduna, alakatuli ndi odziwa malamulo a chinenero, oposa 800 onse pamodzi, ndipo ankalimbikira kupeza chaka chenicheni chimene aliyense anamwalira. Dzina likakhala lovuta, ankalongosola katchulidwe kake chilembo ndi chilembo kuti okopera pamanja asalipotoze.

Amene analimasulira ndi William MacGuckin de Slane, mbadwa ya ku Belfast yomwe inaphunzira Chiarabu ku Paris kwa Silvestre de Sacy. Ntchitoyi inamutengera zaka pafupifupi 30, ndipo voliyumu yachinayi, yomaliza, inatuluka mu 1871. Mpaka lero ofufuza akudalirabe Chingerezi chakalecho.

Mabuku ena akhala akubwera pang'onopang'ono, chidutswachidutswa. S. Moinul Haq anamasulira zigawo zoyamba za Ibn Sa'd ku Pakistan, ndipo Aisha Bewley anatulutsa gawo la amayi lotchedwa The Women of Madina mu 1995. Mu 2007 Mohammad Akram Nadwi anafalitsa al-Muhaddithat, mawu oyamba chabe a ntchito yake yonena za amayi zikwizikwi amene ankaphunzitsa hadith. Ntchito yonseyo inatuluka m'Chiarabu, mavoliyumu 43.

Chovuta n'kukula kwa mabukuwa, komanso mayina ataliatali otchula bambo, agogo, mtundu ndi mudzi, omwe amafuna womasulira wosamala kwambiri. Masiku ano ntchito yotere akatswiri amaigwirira pamodzi. Ndi mmene linamasulidwira buku la Ibn Abi Usaybi'a lonena za madokotala oposa 400, lomwe kampani ya Brill inatulutsa mu 2020 ndipo limawerengedwa mwaulere pa intaneti. Koma la Ibn Asakir ndi la al-Khatib, wofuna kuwawerenga onse ayenera kuyamba waphunzira Chiarabu.