Kutupa kwa Mimba ya Khanda: Zotupa za Madzi Zofunika Opaleshoni

Anthu a ku Nathenje, Mitundu ndi madera ozungulira ayenera kudziwa kuti si nthawi zonse pamene mimba ya khanda imatupa chifukwa cha njoka za m'mimba kapena kunyentchera. Ana ena, ngakhale ndi owerengeka, amabadwa ndi vuto la timitsempha ta limfu, lomwe limachizika kuchipatala.

Kodi vutoli ndi lotani?

Kupatula mitsempha ya magazi, thupi lili ndi timitsempha tonyamula madzi otchedwa limfu. Mwanabere amatupa m'njira ya timitsempha timeneti. M'mimba, timanyamula mafuta a chakudya kuchokera m'matumbo kupita nawo m'magazi. Tikapanda kupangika bwino mwana asanabadwe, madzi amaunjikana n'kupanga chotupa chonga thumba, chimene madokotala amachitcha lymphangioma. Kawirikawiri chotupachi chimamera pakhosi kapena m'khwapa, koma mwa apo ndi apo chimamera m'mimba, pa nembanemba yogwira matumbo. Mwa ana ena, madzi oyera ngati mkaka amachucha n'kudzaza mimba yonse.

Vutoli si khansa ndipo silipatsirana. Komanso si tsempho kapena ufiti, choncho palibe chifukwa cholozerana chala m'banja.

Zizindikiro

Mimba imanka ikulirakulira, mwana amayamwa mofooka ndipo sakwera sikelo. Chotupa chikakula chingathe kupanikiza kapena kupotokola matumbo. Zikatero mwana amasanza zobiriwira, amasiya kuchita chimbudzi ndiponso amalira osatonthola. Mwana wotere athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa matumbo opotokoka amawonongeka pakangopita maola ochepa.

Kopeza thandizo

Makolo ayambe kupita ku chipatala cha Nathenje kapena cha Mitundu, atatenga buku la kusikelo la mwanayo. Achipatala akakayikira vutoli amatumiza mwana ku Kamuzu Central Hospital mumzinda wa Lilongwe, kumene amamuunika m'mimba ndi makina a sikani. Ku Blantyre kulinso Mercy James Centre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2017 kuti izichita maopaleshoni a ana. Thandizo m'zipatala za bomazi ndi laulere.

Pa opaleshoni, dokotala amachotsa chotupa chonse, chifukwa chikatsalako chimatha kumeranso. Ngati chamatirira kumatumbo, amadula kachigawo kakang'ono ka matumbowo n'kulumikiza mbali zotsalazo. Pamene madzi akungochucha, madokotala amayamba ndi kuwapopa komanso kusintha kadyedwe ka mwana, ndipo opaleshoni imadza izi zikalephera. Ana ambiri ochotsedwa chotupa msanga amachira n'kukula bwino.

Pempho kwa makolo

Makolo akupemphedwa kuti asatemere mwana mphini pamimba, asamufinye chotupa, ndiponso asamumwetse mankhwala azitsamba kapena ogula pamsika. Alimi asadikire kuti ayambe akolola kapena agulitsa fodya, ndipo amalonda asadikire kuti tsiku la msika lidutse. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo akupemphedwa kufalitsa uthengawu m'midzi yawo.