Mmene Khirisimasi Inalowera M'nyumba

Mpingo woyamba sunkalabadira kwenikweni za tsiku lobadwa la Yesu. Chikondwerero chake chachikulu chinali Pasaka, ndipo mabuku a Uthenga Wabwino satchula n'komwe tsiku limene Mariya anachira. Kalendala yakale ya ku Rome ndiyo imasonyeza kuti pofika 336 Akhristu a mumzindawo ankasunga 25 Disembala. Kumeneko mwezi umenewu ndi wozizira, dzuwa limalowa msanga, ndipo zokolola zimakhala zitalowa kale m'nkhokwe. Aroma anali nalo kale phwando la Saturnalia loyamba pa 17 Disembala, pomwe ankapatsana makandulo ndipo akapolo ankaloledwa kudya momasuka ngati mfulu.

Kwa zaka zoposa 1,000 Khirisimasi ya ku Ulaya inali ya mudzi wonse, ya kutchalitchi ndi pabwalo. Mu 1223 Francis wa ku Assisi anaika udzu, ng'ombe ndi bulu m'phanga ku Greccio, anthu nabwera usiku ndi miuni kudzachita Misa. Ankafuna kuti mlimi wosadziwa Chilatini aone ndi maso ake umphawi umene Mwanayo anabadwiramo, ndipo khola limene timaliona m'matchalitchi lero limatikumbutsa usiku umenewo. Ku England chisangalalo chinkatenga masiku 12, ndipo osauka ankayenda khomo ndi khomo akuimba, eni chuma n'kumawapatsa chakudya ndi chakumwa. Mwambo umenewu ndimaukonda, chifukwa wosauka sankagogoda mwamanyazi; nyengoyo inkamupatsa ufulu wogogoda.

Koma uchidakwa ndi phokoso zinanyanya. Akhristu otchedwa Puritan ankati Baibulo silinalamule tsikuli, choncho mu 1647 nyumba ya malamulo ya England inalithetsa. Anthu a ku Canterbury anachita zipolowe chaka chomwecho pokana lamulolo. Ku Massachusetts lamulo la 1659 linkalipitsa mashileni asanu aliyense wosunga tsikuli. England inalibwezeretsa mu 1660, pomwe ku Scotland linakhala tsiku wamba lantchito mpaka 1958.

Khirisimasi yapabanja imene ambiri amaiyesa yachikhalire sinakwanitse ngakhale zaka 200. Mafakitale atakokera anthu m'mizinda, midzi inabalalika, ndipo chotsala chimene munthu akanatsamira chinali banja lake. Mu 1843 Charles Dickens anatulutsa buku la A Christmas Carol, momwe banja la kalaliki wosauka likudyera limodzi tsekwe mokondwa, ndipo chaka chomwecho Henry Cole anasindikiza makhadi a Khirisimasi ogulitsa. Mu 1848 nyuzipepala ya Illustrated London News inaonetsa Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert ndi ana awo atazungulira mtengo wokongoletsedwa, mwambo wochokera ku Germany. Mabanja ambiri anatengera. Mphatso zinasiya kutuluka pakhomo, zinayamba kupita kwa ana a m'nyumba momwemo. Apa panapindulidwa chikondi cha makolo ndi ana, komanso panatayika kanthu, poti chitseko chimene chinkatsegukira mlendo chinayamba kutsekedwa. Antchito ndi osauka anawasiyira tsiku lotsatira, limene ankalandira kabokosi ka mphatso, ndipo linakhala tchuthi ku England mu 1871.

Kuno kwathu tsikuli linafika ndi amishoni. Aku Scotland amene anamanga Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 ankachokera kudziko limene Khirisimasi inalibe ulemu waukulu. Aanglikani a ku Likoma ndi Akatolika a ku Nzama ndi Mua ndiwo anali ndi mwambo wa tsikuli wozika mizu. Chisanu sichinawoloke nawo nyanja. Disembala wathu ndi wa mvula, chimanga chili m'mawondo, khasu lili paphewa. Komabe mabasi amadzaza anthu opita kumudzi, ana amavala zatsopano, kutchalitchi achinyamata amachita sewero la abusa ndi angelo, ndipo mpunga wa nkhuku umanunkhira ngakhale pakhomo pamene chaka chonse anadya nsima ya masamba.

Kabokosi kaja nakonso kanafika, ndipo kanapulumuka m'kamwa mwa ana athu. Chaka chino mwana wa mnansi akaima pakhomo panu n'kunena kuti mum'patse Khirisimasi bokosi, m'lowetseni, mum'sambitse m'manja, adye ndi ana anu.