Saizi ndi muyeso

Mawu akuti saizi tidabwereka ku Chingerezi. Amanena nambala kapena chilembo chosokeredwa pakolala ya chovala. Muyeso ndi wina, ndi zimene telala amapeza akakuzunguliza tepi m'chiuno.

Ku Mandava, m'tauni ya Zvishavane, Amalawi ambiri adakhazikika pogwira ntchito mumgodi wa asibesitosi wa Shabanie. Lero kumeneko zovala zikugulitsidwanso pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo wogulitsa amangokopera tebulo la masaizi kuchokera kwa amene wamuoda katundu. Apa ndiye pamavuta. Diresi ya saizi 12 ku UK ndi 8 ku America, ndipo ku Germany ndi 38 kapena 40. Chiuno cha mainchi 32 ndi masentimita 81, pakuti inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Tebulo likataya mawu osonyeza ngati ndi mainchi kapena masentimita, mayi amalipira diresi yomwe sangailowe. L ya ku China nayonso kawirikawiri imachepa.

Zimandipweteka kuona ndalama yovutikira ikutayika chonchi. Wogulitsa ayale chovalacho patebulo, achiyeze ndi tepi, alembe masentimita ake pambali pa saiziyo.