Kuchokera ku Livulezi Kufika pa Mphasa Yathu: Mbiri ya Kafukufuku wa Malungo

Munthu wochokera ku Salima popita ku Balaka amadutsa kumunsi kwa boma la Ntcheu, m'chigwa chotentha cha Bwanje. Akaponya maso kumadzulo amaona mapiri atandanda, ndipo pamwamba pa mapiriwo ndi pamene pali Lizulu, Mlanda ndi Tsangano, dziko lozizira la kachewere ndi kabichi. Madzi a kumtundako amatsika ndi mitsinje monga Livulezi n'kukathira m'nyanja yomwe ife timamwa ndi kuwedzamo. Pakati pa mapiri ndi chigwachi pali mbiri yomwe banja lililonse la kunyanja liyenera kuidziwa, chifukwa ndi mbiri ya matenda amene atilanda ana ambiri kuposa ng'ona, namondwe ndi njala.

Makolo athu anawadziwa malungo kalekale, koma maliro awo sanalembedwe m'mabuku. Zolembedwa zoyamba ndi za alendo. Amishoni a ku Scotland atafika ku Cape Maclear mu 1875, anapeza doko labwino ndi nsomba zambiri, koma posakhalitsa anayamba kukumba manda. Dokotala wawo William Black anamwalira mu 1877, ndipo mu 1881 likulu la mishoni linasamukira ku Bandawe. Kumenekonso malungo anawapeza, mpaka mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe. Zofanana zinachitika ku Ntcheu. Mu 1887 amishoni omwewo anatsegula malo m'chigwa cha Livulezi kuti afikire Angoni a Chikuse. Kumeneko kunagwira ntchito dokotala George Henry, yemwe analemba buku la malamulo a chiyankhulo cha Chinyanja ndipo anamwalira mu 1893. Malowo anapita m'manja mwa amishoni a ku South Africa, omwe mu 1902 anakhazikika pamwamba, ku Mlanda. Nzeru yaikulu ya nthawi imeneyo inali yothawa chigwa n'kukwera phiri. Anthu ankakhulupirira kuti nthendayi imachokera mu mpweya woipa wa m'madambo. Msodzi wa kunyanja ndi mlimi wa m'chigwa analibe phiri lothawirako.

Mankhwala amodzi okha ndiwo analipo, kwinini, wochokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Akatswiri awiri a ku France anamupatula ku khungwalo mu 1820. Kufunika kwake kunaoneka pa mtsinje wa Shire mu 1862, pamene bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo bwato lake litagubuduka n'kutaya bokosi la mankhwala. Komabe ngakhale omwe ankamwa kwinini sankadziwa chimene akulimbana nacho.

Chinsinsicho chinaululika pang'onopang'ono, kutali ndi kuno. Mu 1880 dokotala wa asilikali Alphonse Laveran, ali ku Constantine m'dziko la Algeria, anayang'ana dontho la magazi a wodwala pa galasi lokuza tinthu ting'onoting'ono ndipo anaona kachilombo kamoyo kakugwedezeka. Pa 20 Ogasiti 1897 Ronald Ross, ali ku Secunderabad m'dziko la India, anang'amba mimba ya udzudzu woluma wodwala n'kupezamo kachilombo komweko. Chaka chotsatira akatswiri a ku Italy, motsogozedwa ndi Giovanni Battista Grassi, anatsimikiza kuti malungo a anthu amafalitsidwa ndi mtundu wa udzudzu wotchedwa Anopheles. Woluma ndi waukazi, chifukwa amafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Kachilomboko kakalowa mwa munthu kamayamba kabisala m'chiwindi, n'kuswana, kenako kamalowa m'magazi n'kumaphwanya maselo ofiira. Apa ndi pamene pamachokera kutentha thupi, kunjenjemera ndi kuchepa kwa magazi.

Pomwepo chifukwa cha kusiyana kwa Mlanda ndi Livulezi chinadziwika. Kachilomboko kamafuna masiku oposa khumi kali m'thupi la udzudzu kuti kakhwime, ndipo kukazizira kamachedwa kwambiri, mwakuti udzudzu wambiri umafa kasanakhwime. Kumalo otentha ndi a zithaphwi, monga chigwa cha Bwanje ndi m'mbali mwa nyanja, zonse zimayenda mofulumira. Msilamu akamva izi amakumbukira kuti mu Surah Al-Baqarah Qur'an yolemekezeka imatchula udzudzu monga cholengedwa choyenera kuperekera fanizo. Kanthu kopepuka kuposa njere ya mpiru kanasamutsa mishoni zathunthu ndi kuimitsa mitu ya madokotala kwa zaka mazanamazana.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kunafala mankhwala otchedwa chloroquine, omwe akuluakulu ambiri amawakumbukira ndi kuwawa kwake komanso kuyabwa kumene ankabweretsa. Anali otchipa, ankapezeka m'golosale iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri ankachiritsadi. Koma pakati pa tizilombo mamiliyoni pamabadwa tingapo tosiyana pang'ono ndi tinzake. Mankhwala akapha tofooka, tolimbato timatsala n'kuswana. Malungo osamva chloroquine anaoneka kum'mawa kwa Africa mu 1978, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anali atafika kuno. Ana ankamwa mankhwala, kutentha n'kutsika, patapita masiku ochepa n'kubwereranso.

Apa ndi pamene dziko lathu linasiya kungolandira nzeru za ena n'kuyamba kupereka zake, ndipo ntchito yaikulu inachitika pakati pa anthu a kunyanja. Kuyambira 1987 mpaka 1990, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la CDC la ku America anachita kafukufuku ku Mangochi, kutsatira amayi oyembekezera oposa 4,000 kuchokera ku sikelo mpaka kuchira. Anapeza kuti mayi akhoza kuoneka wathanzi pamene tizilombo tadzaza m'nsengwa, n'kumamana mwana chakudya, kotero kuti amabadwa wochepa thupi. Vutoli linali lalikulu pa mimba yoyamba. Kafukufuku wotsatira, wochitikanso ku Mangochi, anaonetsa kuti mayi akamwa SP, yemwe timamutcha Fansida, kawiri pa nthawi ya pakati, malungo a m'nsengwa amatsika kwambiri. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuika Fansida m'malo mwake, ndiponso kuyamba kupereka Fansida kwa amayi apakati ngati chitetezo. Njira imeneyi pambuyo pake inalandiridwa ndi maiko ambiri. Amayi a ku Mangochi amene analola kupimidwa magazi ndi kuyezetsa makanda awo pa sikelo anathandiza ana a amayi anzawo a kumaiko komwe iwo sanafikeko.

Chotsatira chake chinadabwitsa akatswiri omwe. Ku Blantyre anapeza kuti mu 1992 tizilombo 85 pa 100 tinali ndi chizindikiro cha kusamva chloroquine, koma pofika 2000 tinatsala 13 pa 100. Mu 2005 anayesanso mankhwalawo pa ana 210 a ku Ndirande, ndipo chloroquine anachiritsa 99 pa 100, pamene Fansida anachiritsa 21 pa 100 okha. Tanthauzo lake n'lakuti kusamva mankhwala kumalemetsa kachilombo. Mankhwalawo akachotsedwa, tizilombo takale timabwerera n'kugonjetsa tolimbato. Koma manambala omwewo anaonetsa kuti Fansida naye anali atatha mphamvu yochiza. Motero mu 2007 kunabwera LA, yemwe mbali yake imodzi imachokera ku chitsamba cha ku China chimene mayi Tu Youyou ndi anzake anachifufuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ntchito yomwe inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2015. Mu LA muli mankhwala awiri: amodzi amakantha mofulumira, enawo amatsalira m'magazi kusesa zotsala. N'chifukwa chake amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Wosiyira panjira chifukwa wapezako bwino amasiya moyo tizilombo tolimba, ndipo amachitira LA zomwe zinachitikira chloroquine.

Pamene madokotala ankalimbana ndi kachilombo, ena ankalimbana ndi udzudzu. Kafukufuku wa ku Gambia wofalitsidwa mu 1991 anaonetsa kuti masikito onyikidwa m'mankhwala amachepetsa imfa za ana. Vuto linali lakuti ankafunika kunyikidwanso pakapita miyezi ingapo, ndipo mabanja ambiri sankatero. Yankho linachokera kwa amisiri a mafakitale, omwe anapeza njira yolowetsa mankhwala mu ulusi weniweniwo, kuti azituluka pang'onopang'ono ngakhale neti itachapidwa. Neti yotere imatha zaka pafupifupi zitatu. Munthu wogonamo amakhala ngati nyambo: udzudzu umatsata fungo ndi mpweya wake, umatera pa ulusi, n'kufa. Motero neti imodzi imateteza ngakhale a nyumba yoyandikana nayo.

Ntcheu inabwereranso m'mbiriyi kumapeto kwa 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012, pamene mabungwe a Against Malaria Foundation ndi Concern Universal, mogwirizana ndi akuluakulu a zaumoyo a bomalo, anagawa masikito oposa 260,000. Chosiyana ndi kugawa kwina chinali kuwerenga. Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kulemba malo ogona a nyumba iliyonse, mayina anawerengedwa pamaso pa mudzi, ndipo kugawa kutatha, anthu ankabwereranso m'nyumba zosankhidwa pakapita miyezi kukaona ngati neti yapachikidwa, yang'ambika kapena yasowa. Zipatala za m'bomalo zinkaperekanso chiwerengero cha odwala mwezi ndi mwezi, ndipo ogawawo analengeza kuti m'miyezi ina odwala malungo anatsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Wofufuza woona mtima amaonjezapo chenjezo. M'chaka chomwecho cha 2011 zipatala zinayamba kugwiritsa ntchito kachipangizo koyezera magazi a pachala, pamene kale pafupifupi aliyense wotentha thupi ankalembedwa kuti ali ndi malungo. Mbali ina ya kutsikako ikhoza kukhala ya kawerengedwe katsopano. Umboni wolimba unabwera mu 2015, pamene akatswiri anasonkhanitsa ziwerengero za Africa yense n'kupeza kuti pakati pa 2000 ndi 2015 kudwala malungo kokwana 663 miliyoni kunapewedwa, ndipo magawo 68 pa 100 a phindulo anachokera ku masikito.

Udzudzu nawo sunagone. Mu 2010 ofufuza analengeza kuti pa chilumba cha Likoma udzudzu wa Anopheles funestus sukufanso mokwanira ndi mankhwala a m'masikito. Amisiri anabwereranso ku ntchito, ndipo masikito atsopano amakhala ndi mankhwala achiwiri othyola chitetezo cha udzudzuwo. Pa 23 Epulo 2019, ku Mitundu m'boma la Lilongwe, Malawi anakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'ndondomeko ya boma, ndipo Mangochi ndi Machinga anali m'gulu la maboma oyambirira. Kuno, ku Ghana ndi ku Kenya, imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100. Katemerayu amaperekedwa kanayi, ndipo satchinga malungo onse, choncho mwana wobayidwa amafunikabe neti.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, zaka zoposa zana za ntchito imeneyi zimathera pa mphasa ya m'nyumba mwathu. Udzudzu wa malungo umaluma kwambiri pakati pa swala ya Isha ndi ya Fajr, nthawi imene ana athu ali m'tulo. Tonse a kunyanja taonapo masikito atasokedwa pamodzi kukhala khoka, ena atatchinga dimba, ena akuyanikirapo usipa. Bambo amene amachita izi si wopanda nzeru. Nthawi zambiri ndi ndiwo zimene zasowa. Koma maso a neti ndi ang'ono kwambiri, amakokolola tiana ta nsomba tomwe tikanadyetsa banja lomwelo chaka chamawa, ndipo usiku umenewo mwana amagona poyera. Netiyo inaperekedwa m'dzina la mwanayo, ndipo kwa kholo ndi amana imene adzafunsidwa nayo.

Chipembedzo chathu sichilekanitsa kuyedzamira kwa Allah ndi kuchita zoyenera kuchita. Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) analimbikitsa odwala kufunafuna mankhwala, ndipo Shariya imalola wodwala kumasula m'mwezi wa Ramadhan n'kudzabweza masikuwo atachira, kotero palibe chifukwa chodumphira LA poopa kuononga swaumu. Mwana akatentha thupi apite kukayezedwa magazi tsiku lomwelo, pakuti malungo a mwana amatha kufika ku bongo m'masiku ochepa. Mayi wapakati ayambe sikelo msanga. A ku Livulezi anali ndi kwinini ndi phiri basi. Ife tapatsidwa neti, choyezera magazi, LA ndi katemera, ndipo mbiri yaonetsa kuti chida chilichonse chimabuntha msanga chikagwiritsidwa ntchito mosasamala. Allah ateteze ana athu, ndipo atipatse mphamvu yosunga zimene watipatsa.