Khomo Lothaŵirako: Mbiri ya Amai Ozunzidwa ndi Owathandiza m'Boma la Rumphi

Boma la Rumphi limadziŵika ndi mapiri a Nyika, fodya wa m'zigwa za Henga ndi Nkhamanga, khofi wa ku Phoka, ndiponso sukulu yakale ya Livingstonia imene idaphunzitsa atsogoleri ambiri a dziko lino. Koma pali mbiri ina ya bomali imene siimveka pa chikondwerero cha Gonapamuhanya ku Bolero, ndipo m'mabuku a sukulu mulibe. Mbiriyi yagona pa funso limodzi: mkazi akamenyedwa ndi mwamuna wake usiku, kukacha apite kwa yani? Yankho lake lasintha kangapo pa zaka 170 zapitazi, ndipo nthaŵi zonse pamene linkasintha, anthu ofuna kuthandiza ankayenera kuyambanso kuphunzira.

Akatswiri a mbiri yakale amati kale Atumbuka ambiri ankakwatirana monga momwe Acheŵa amachitira pa chikamwini: mwamuna ndiye ankasamuka kukamanga nyumba kwao kwa mkazi. Izi sizitanthauza kuti amuna a masiku amenewo anali opanda ukali ai. Koma mkazi akalira, kulirako kunkamveka m'makutu mwa amai ake ndi alongo ake, ndipo mkamwini wa dzanja lopepuka ankadziŵa kuti akhoza kupatsidwa mkeka wake nauzidwa njira. Mwambowu udayamba kufooka m'nthaŵi ya Mloŵoka ndi anzake amalonda a minyanga amene adakhazikitsa ufumu wa Chikulamayembe, ndipo udasinthiratu atafika Angoni, amene adamanga misasa pa Ng'onga m'chigwa cha Henga cha m'ma 1855. Kuchokera pamenepo ukwati wa ng'ombe udazika mizu. Mkazi ndiye adayamba kusamuka, ndipo ana adakhala a kuchimuna.

Pa nkhani ya maloŵolo pafunika kunena mosamala. Akuluakulu a ku Rumphi amakana kwa mtuwagalu kuti kuloŵola ndi kugula munthu, ndipo akunena zoona: ng'ombe zinali chomangira mabanja aŵiri pamodzi, ndipo mkazi woloŵoledwa ankalandira ulemu. Panalinso thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja aŵiriwo, amene mkazi ankakadandaulako zinthu zikavuta. Mwamuna wovulaza mkazi ankatha kudzudzulidwa pa mphala ndi kulipitsidwa. Koma chomangira chomwecho chinkasanduka chingwe. Ng'ombe zoloŵolera mtsikana sizinkakhalitsa m'khola la atate ake. Kaŵirikaŵiri zinkapita msanga kukaloŵolera mkazi wa mlongo wake. Tsono mtsikanayo akabwerera kwao ali ndi mabala, nati ukwati waukana, atate ake ankaona m'maganizo mwao ng'ombe zimene alibe, ndipo mlongo wake ankaona ukwati wake womwe ukugwedezeka. Anthu amene kale anali oyamba kumteteza tsopano anali ndi chifukwa chomubwezera kumene wachokera. Iye mwini ankadziŵanso kuti akachoka, ana adzatsala. M'Chitumbuka muli mau akuti kuzizipizga, ndiko kupirira, ndipo ndi mau ameneŵa amene amai ambiri ankaperekezedwa nao pobwerera kwa amuna ao.

Msonkho wa Atsamunda udawonjezera mtolo. Amuna a ku Henga, Nkhamanga ndi Hewe adayamba kupita ku Salisbury, ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia ndi ku Johannesburg, ena nasanduka matchona osabweranso. Mkazi ankatsala pamudzi wa eni, akulima ndi kusinja pansi pa ulamuliro wa apongozi ndi alamu ake, wopanda mwamuna womuyankhulira, wopanda mbale womumvera.

Nanga oterewo ankanena kuti zoŵaŵa zao? Chodabwitsa nchakuti ankazinenera pa ng'oma. Vimbuza, gule wochiritsa amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, ankavinidwa kwambiri ndi akazi. Wodwala ankaloŵa m'bwalo, amuna akuomba ng'oma, amai ndi ana akuomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, ndipo m'nyimbomo ankatchula nkhanza za mwamuna, umbombo wa apongozi ndi kusungulumwa kwake, mudzi wonse ukumva. Palibe amene ankamuimba mlandu, pakuti woyankhula sanali iye koma mzimu. Leroy Vail ndi Landeg White adafotokoza zimenezi m'buku lao la 1991, ndipo Boston Soko adazifufuza kwa zaka zambiri. Tinganene kuti nchimi ndi oomba m'manja aja ndiwo anali gulu loyamba lomvera mkazi wozunzidwa popanda kumdula mau. Chofooka chake chinali chakuti ng'oma zikaleka, mkaziyo ankabwerera m'nyumba yomwe ija.

Amishoni a Livingstonia, amene Dr Robert Laws adawatsogolera ku Khondowe mu 1894, adatsegula khomo lina natseka lina. Adaphunzitsa atsikana kuŵerenga, adamanga chipatala, ndipo akulu a mpingo ankazenga milandu ya m'banja ndi kulanga Akhristu ankhanza. Koma vimbuza adaziletsa monga zachikunja, ndipo mwamuna wamitala ofuna ubatizo ankayenera kusiya akazi ena onse kupatula woyamba, osiyidwawo naona okha kochita. M'kupita kwa nthaŵi amai a mpingo adapanga bungwe lao la Umanyano, limene mpaka lero limayendera odwala, kutonthoza ofedwa ndi kulangiza oloŵa m'banja. Amai a Umanyano ndiwo ankaona mabala amene ena sankawaona, chifukwa ndiwo ankaloŵa m'nyumba. Koma malangizo amene iwo omwe adalandira anali akuti banja ndi kupirira ndi kupemphera, ndipo munthu amapereka chimene adapatsidwa.

Za nthaŵi ya chipani chimodzi zikhoza kunenedwa mwachidule. Dr Kamuzu Banda ankadzitcha Nkhoswe ya amai onse a m'Malaŵi, ndipo mwamuna wovutana ndi mai wodziŵika m'chipani ankatha kuona zakuda. Koma chimenecho chinali chifundo cha wolamulira, osati lamulo limene mkazi wamba wa ku Mwazisi akadaligwira m'manja. Magulu a amai analipo ambiri. Alangizi ophunzira ku Magomero ankaphunzitsa kuphika, kusoka ndi kusamala ana, ndipo mu 1985 kudabwera bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malaŵi. M'maphunziro onsewo munalibe phunziro la chimene mai angachite mnzake akagogoda pakhomo pake usiku ali magazi okhaokha. Apolisi nawonso, mai wotere akafika, kaŵirikaŵiri ankangoti izo nza m'banja, kakambiraneni ndi ankhoswe.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 adalemba poyera kuti akazi ali ndi ufulu wotetezedwa ku nkhanza. Amai monga Vera Chirwa ndi Emmie Chanika adayamba kuyankhula za kumenyedwa kwa akazi pa wailesi ndi pa misonkhano, ndipo bungwe la Women and Law in Southern Africa, motsogoleredwa ndi Seodi White, lidalimbikira kuti pakhale lamulo lapadera. Mu 2001 apolisi adayamba kutsegula zipinda zomverako madandaulo a ozunzidwa, zotchedwa Victim Support Unit. Lamulo lenilenilo lidachedwa zaka zingapo, pakuti aphungu ena ankati boma lisaloŵe m'chipinda chogona cha munthu. Nkhani ya mai wina wa ku Dowa amene mwamuna wake adamdula manja onse aŵiri idagwedeza dziko, ndipo mu 2006, Joyce Banda ali nduna yoona za amai, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja.

Lamuloli lidabweretsa zinthu zimene mphala siinkazidziŵa. Lidati nkhanza si kumenya kokha, komanso kukakamiza kugonana, kutukwana ndi kuopseza, ndi kumana mnzako ndalama za pakhomo. Lidapatsa bwalo la majisitireti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumzunza, ngakhalenso yolamula kuti wozunzidwayo ndiye akhale m'nyumba, wankhanzayo atuluke. M'dera limene nyumba yamangidwa pa malo a makolo a mwamuna, pakati pa abale a mwamuna, chigamulo chotere nchovuta kuchikwaniritsa, ndipo aliyense wodziŵa Rumphi aona msanga chifukwa chake. Lamuloli limatetezanso amuna, ngakhale kuti manyazi amawatsekereza ambiri a iwo pakamwa. Pambuyo pake padabwera ena: la 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye, la 2015 la maukwati, ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017 kumene kudatsimikiza kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe.

Komatu lamulo lolembedwa m'Chingerezi ku Lilongwe silikwera lokha mapiri a Phoka. Boma la Rumphi linali ndi anthu oposa 229,000 pa kalembera wa 2018, omwazikana kuyambira ku Hewe kumalire a Zambia mpaka ku Tcharo m'mbali mwa nyanja, kumene munthu amafikako pa bwato kapena wapansi. Mai wa kumeneko sangadzuke m'maŵa nakafika kwa majisitireti ndi mwana kumbuyo, m'thumba mulibe kanthu. Pakati pa iye ndi lamulo payenera kuima munthu wina, ndipo malo amenewo adatengedwa ndi magulu odzipereka: makomiti a m'midzi othandizana ndi apolisi, magulu a amai oyang'anira atsikana pa sukulu, amai a m'mipingo, ndi mabungwe monga Rumphi Women Forum, limene lagwira ntchito ndi ActionAid potsata milandu ya nkhanza ndi maukwati a ana.

Anthu ameneŵa mtima wothandiza anali nao kale. Chimene adayenera kuphunzira chinali kusiya zizoloŵezi zimene zinkaoneka ngati nzeru. Mwambo umati mlandu sumveka mbali imodzi, choncho wodandaula akafika, itanani mnzakeyo akhale pamodzi. Koma mai amene wathaŵa chikwanje sangayankhule momasuka mwini chikwanjeyo ali pambali pake, ndipo akayankhula, adzalipira usiku womwewo. Adaphunzira tsono kumva mkaziyo payekha, ndi kuyamba ndi funso lakuti agona kuti lero, osati lakuti adalakwanji kuti amenyedwe. Adaphunzira kuti wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omteteza ku kachilombo ka HIV, ndi kuti kalata ya dokotala ndiyo idzamuyankhulira m'bwalo mabala atapola. Adaphunzira kusiyanitsa mkangano umene thenga ndi mfumu angauthetse ndi mlandu wovulaza munthu, umene suyenera kutha ndi nkhuku kapena mbuzi. Chovuta koposa m'mudzi momwe aliyense ndi mbale wa wina chinali kusunga chinsinsi, pakuti nkhani yonenedwa pa chitsime imakafika kwa mwamunayo madzi asanafike pakhomo.

Padalinso phunziro loŵaŵa. Odzipereka ambiri adaona mai amene adamperekeza ku polisi akubwerera patapita masiku aŵiri kukapempha kuti mwamuna wake atulutsidwe. Oyamba kumene ankakwiya, namuyesa wopusa. Koma maiyo adaŵerengera bwino: fodya walimidwa ndi banja lonse, koma dzina lolembedwa ku msika ndi la mwamuna, ndipo mwamunayo akakhala m'ndende ana agona ndi njala, apongozi naloza chala mkamwana amene wamangitsa mwana wao. Nchifukwa chake magulu ambiri adaphatikiza ntchitoyi ndi banki mkhonde, kuti mai akhale ndi kandalama kakekake, ndipo adaphunzira kusatsekera khomo munthu amene wabwerera kwa womzunza, popeza angadzagogodenso.

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti m'dziko lonse akazi 42 pa 100 aliwonse amene adakwatiwapo adachitidwapo nkhanza ndi amuna ao, ndi kuti pafupifupi theka la akazi ozunzidwa sadapemphe chithandizo kapena kuuzako munthu. Mwa amene adapempha, ochuluka adapita kwa abale ao, osati ku polisi. Khomo loyamba likadali lomwe lija la atate ndi alongo, ndipo kuseri kwake kukadali funso la ng'ombe ndi la ana. Lamulo tsopano limati posankha kokhala mwana, bwalo liyang'ane ubwino wa mwanayo, osati amene adapereka maloŵolo. Makolo ambiri a ku Nkhamanga sadamve zimenezi, ndipo ena adamva koma sadavomere. Choncho odzipereka a ku Rumphi, amene adayamba ndi kuphunzira kumvera akazi, masiku ano amathera nthaŵi yaitali ali pa mphala, kukambirana ndi mafumu, mathenga ndi eni makola.